Mchere wa Pansonga

Panangokhala, kale nyama zikadatengerana kubwalo la milandu ngati anthu, mbira wina wamkazi dzina lake Nankhoma. Amene muli nane senderani kuno, tikwere phiri.

Nankhoma ankakhala ndi mwamuna wake, Dzimbiri, m'phanga la pafupi ndi nsonga ya phiri la Mgonamitambo. M'mawa wina m'nyengo yozizira anatuluka panja n'kuyang'ana pathanthwe pamene mwamunayo ankakonda kukhala podikira dzuwa. Mame anali ataundana usiku, thanthwe lonse lili mbee, ndipo panalibe phazi ngakhale limodzi. Dzimbiri anali atatsikira kumowa kuchigwa dzana lake, ndipo chikwatirane anali asanagonepo kunja kawiri motsatizana.

Nankhoma anamanga nsalu m'chiuno, nayamba kutsika.

Chaka chimenecho kuchigwa kunali njala ya mchere. Madzi osefukira anali atakwirira ndi mchenga dambo limene nyama zonse zinkanyambitako, ndipo Mfumukazi Njovu, amene chibadwire anali asanadyepo ndiwo zosakolera, anayamba kulowa masaya. Ntchito yopeza mchere anaipereka kwa nduna yake yaikulu, Nyani. Miyezi itatu inatha Nyani asanapeze ngakhale wodzaza chikhatho, ndipo anthu anali atayamba kunong'ona iye akamadutsa.

Nankhoma anafika pabwalo dzuwa litapendeka. Anapeza mwamuna wake atamangidwa ndi luzi patsinde pa mkuyu. Pambali pake panagona Nyalugwe, msilikali wa pabwalo, akunyambita dzanja.

"Mwatani, bambo?" anafunsa chapansipansi.

"Ndangoyankhula, mayi."

"Kuti mwayankhula ndikudziwa. Mwati chiyani?"

Dzimbiri anayang'ana pansi. Anafotokoza kuti pamowa paja anthu ankaloza nsonga ya phiri, n'kumafunsana kuti choyera chimene chimaoneka m'mawa uliwonse n'chiyani. Wina anati mwina ndi mchere. "Ine ndinangoti, nanga mukuyesa ife a kumtunda tanenepa ndi chiyani? Zimenezo timazipondaponda popita kuthengo. Ndimati aseke."

"Anaseka?"

"Onse, kupatula a Nduna."

Nthawi yomweyo Nyani anatulukira ndi ndodo yake ya unduna, Mfumukazi akubwera pambuyo. Nankhoma anagwada, naomba m'manja.

"Wawa, Mayi. Mwamuna wangayu mowa ukamulowa, pakamwa pake pamakhala ngati nyumba yopanda chitseko. Choyera chija si mchere. Ndi mame. Kwathu kumazizira kwambiri, moti mame akagwa usiku amauma gwa, dzuwa likatuluka n'kusandukanso madzi."

Nyani anaseka, natembenukira kugulu. "Mwamva, abale? Ndikufunseni. Pamoto amamva kutentha ndani, wokhala pafupi kapena wokhala kutali?"

"Wapafupi," gulu linayankha.

"Nanga pakati pa ife ndi mbira, wayandikira dzuwa ndani? Ife kuno, kutali ndi dzuwa, madzi sanatiumirepo. Iwo ali pakhomo pa dzuwa penipeni, akuti akuzizidwa. Ndinatuma Khwangwala, mthenga wathu, kuti akaone. Anafika dzuwa lili pamutu, napeza miyala yonse yonyowa. Yanyowa ndi chiyani kopanda mvula? Malovu. Anthu awa amalawirira kunyambita mchere wa Mayi, ife kuno tikudya masamba ngati mbozi."

Gulu linang'ung'udza. Njovu anakupiza makutu pang'onopang'ono. Sanali wankhanza, koma njala ya mchere imafupikitsa mtima.

"Mwamuna akuti mchere, mkazi akuti madzi," anatero. "Ine phiri limenelo sindingalikwere. Iwe mwana, kanditengere choyeracho ndichione ndi maso anga. Ndakupatsa maulendo atatu. Ukalephera kachitatu, mwamuna wako ndi wa Nyalugwe."

Nyalugwe anatsegula diso limodzi, nalitsekanso.

Phiri la Mgonamitambo salinyamukira dzuwa litakwera, chifukwa likafika pamutu mitambo imabwerera kudzagona, njira n'kusowa. Nankhoma ananyamuka tambala woyamba. Anadutsa misuku ya m'tsinde, nalowa m'nsungwi, natulukira pamikungudza, nafika pamene mitengo imathera ndipo patsogolo pamatsala miyala ndi mphepo.

Pokwera ankaimba nyimbo imene amayi a kumtunda amaimba akachedwa kunkhuni. Ndi nyimbo yopempha mtambo kuti udikire kaye kuseri kwa phiri, mwana wa eni ake adutse. Wotsogolera amatchula malo amene wafika, ndipo a pambuyo amavomera ndi mawu awiri okha, osonyeza kuti akadali m'njira. Tsiku limenelo kunalibe womuvomera, choncho ankadzivomera yekha.

Kutacha anapala mame oundanawo ndi chipande, nadzaza lichero, navundikira ndi masamba, nasenza, n'kuliyatsa liwiro. Pamikungudza lichero linali lolemera. Pansungwi madontho anayamba kumutsikira m'khosi. Pofika pamisuku anali atasenza masamba onyowa basi. Sanabwerere. Anakatula lichero lomwelo pamaso pa Mfumukazi, nagwada pambali.

Nyani analitola, nalinunkhiza. "Malovu aja," anatero. "Wadya panjira. Mayi, mwambo wathu umati cha mfumu salawa wonyamula. Lero tiukhwimitse. Wolawa mchere wa Mayi, Mayi asanalawe, akhale wa Nyalugwe."

"Zikhale choncho," anatero Njovu.

"Ndamva," anatero Nyalugwe. Malamulo othera pa chakudya iye sankawaiwala.

Pobweza lichero, Nyani anatembenuka ngati akutsokomola, napititsa lilime m'mphepete mwake. Palibe wina anaona. Nankhoma anaona, nasunga mumtima.

Pa ulendo wachiwiri Nyani anapereka chipanda chake, chitsononkho chotsekera pakamwa pake, ndi phula lomatira. Asananyamuke, Nankhoma anakadyetsa mwamuna wake masuku, popeza manja anali omangidwa.

"Ulendo uno uthamange kwambiri," anatero Dzimbiri.

"Ngakhale nditamera mapiko, bambo, zifika zili madzi."

"Ndiye ukupitiranji?"

"Kukatenga madziwo. Tsegulani pakamwa. Ntchito imeneyo mumaitha."

"Adye ndithu," anatero Nyalugwe, maso ali chitsinzinire. "Wayamba kuonekera nthiti."

Nankhoma anakweranso, nyimbo yake ili pakamwa. Ulendo uno ankaimba mosathamanga, ndipo pakati pa kutsogolera ndi kudzivomera pankakhala kachetechete wautali, chifukwa mutu unali pa ntchito. Kutacha anadzaza chipanda, natseka, namata phula, natsika moyenda ngati wochokera kumunda. Pansungwi anamva m'chipanda muja mukuti khuvukhuvu, ndipo sanachedwe kapena kufulumira.

Pabwalo Nyani anaswa phula, napendeketsa chipanda. Madzi anatsika. Gulu linafuula, ena akutukwana.

Nankhoma anadikira phokoso lithe. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono. "A Nduna, ine za milandu sindizidziwa. Madziwa akutanthauza chiyani?"

"Akutanthauza kuti wadya mchere panjira, watunga madzi pamtsinje, wamatanso phula."

"Ndiye aliyense wonyamula chipanda kuchokera pansonga, akafika ndi madzi, ndiye kuti wadya?"

"Aliyense."

"Ngakhale wamkulu?"

"Lamulo siliona nkhope, mayi iwe. Aliyense, ngakhale wamkulu. Mayi, uyu tisatayenso naye nthawi."

"Ndinati atatu," anatero Njovu. "Atatu ndi atatu. Koma lamulo lakolo ndalilandira. Pa ulendo wotsiriza, wofika ndi madzi ndi wa Nyalugwe."

"Ndamva," anatero Nyalugwe.

Kuyambira pamenepo Nankhoma analeka kunena kuti choyeracho ndi mame. Anaweramitsa mutu ngati munthu wogwidwa, napempha chinthu chimodzi. "Mayi, dzanja langa simukulikhulupirira, ndipo sindikudandaula. Tumani munthu wanu akanyamule yekha. Ine ndingomuonetsa njira. Tumani Khwangwala."

"Khwangwala anyamula chipanda ndi chiyani?" wina anafunsa m'gulu.

"Kaya Fulu," anatero Nankhoma. "Ndimudikira."

Anthu anaseka. Nankhoma anasendera kwa mwamuna wake ngati akutsanzika, nanong'ona, koma kunong'ona kwake kunali kwa mtundu uja umene umafika kuseri kwa nkhokwe. "Limbani mtima, bambo. Bola asatume a Nduna. Aja maso awo ndi akuthwa, akaona zonse."

"Akaona chiyani? Paja iwe unati si..."

Nankhoma anamuponda chala mwamuna wakeyo.

Nyani anagogoda pansi ndi ndodo. "Mayi, nkhani ya mchere munaipereka kwa ine. Ndipita ndekha."

"A Nduna, njira ndi yoipa," anatero Nankhoma. "Munthu wa ulemu wanu..."

"Ndati ndipita."

Nankhoma anapempha masiku awiri, akuti mapazi atupa, napemphanso kuti tsiku lobwerera Mfumukazi adzadikire pamisuku, patsinde penipeni pa njira, kuti katundu asayende mtunda wautali. Zonse ziwiri anamulola. Mapazi analidi otupa, koma chimene ankadikira chinali mphepo. Tsiku lachiwiri madzulo anaona fumbi la pabwalo likuulukira kumpoto. Mwera unali utadzuka. A kumtunda amadziwa kuti mwera ukadzuka m'nyengo imeneyo, kumwamba kumayera kaye tsiku limodzi ndi usiku wake, kenako kumafika chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imatha kukhala paphiri masiku atatu.

"Mapazi apola, a Nduna," anatero. "Mawa."

Nyani anasiya ndodo yake kwa Mfumukazi, nabwera atavala chipewa chachikulu cha mlaza. Nankhoma anamupatsa kabulangete.

"Popita kumoto munthu amafunda? Sunga."

Pamisuku Nyani ankatsogola. Pansungwi ankafotokoza za nkhokwe zitatu za mchere zimene adzamange, ndi amene adzaloledwe kuyandikira. Pamikungudza nkhani inatha. Pamene mitengo imathera, mphepo inamulanda chipewa n'kupita nacho.

"Mpweya wa kuno watani?" anafunsa atagwira bondo. "Ndikukoka koma sukudzaza."

"Umatero. Yendani pang'onopang'ono, musamayankhule."

Anayenda pang'ono. "Dzuwa si ili, lili pomwepa? Bwanji silikufunditsa?"

"Limawaula khungu koma silifunditsa. Chifukwa chake sindidziwa, a Nduna. Ine ndimangokhala kuno."

Anayendanso pang'ono. "Kansanza kaja ukadali nako?"

Nankhoma anamupatsa. Anayamba nyimbo yake, natchula malo amene afika, nadikira. Nyani anati nduna siivomera nyimbo za kunkhuni. Nankhoma anadzivomera yekha, ndipo anakagona m'phanga la pafupi ndi nsonga.

M'bandakucha anamudzutsa. Nyani atasuzumira panja, pakamwa panatseguka. Miyala yonse, udzu wonse, mpaka pamene maso amathera, zinali mbee.

"Wonsewu," anatero. "Wonsewu mumadya nokha."

"Dzazani msanga, a Nduna. Abale anga akadzuka simupeza kanthu."

Nyani anapala ndi manja ake, zala zikuuma, nadzaza chipanda mpaka pakhosi. Anatseka ndi chitsononkho, namata phula, nadinda chala chake chachikulu paphulapo.

"Potsika mufunika manja onse awiri," anatero Nankhoma. "Ndiponso mwaona mmene mphepo inachitira ndi chipewa. Chimangeni pamimba."

Nyani anakulunga luzi kanayi, chipanda chili pamchombo. Nankhoma anamanga mfundo kumsana, pakati pa mapewa, pamene dzanja la mwini silifika. Atatero anati akatsanzike kwa abale ake, nalowa mumng'alu wa mwala, nakhala chete akusuzumira.

Nyani anayang'ana uku ndi uku. Anawerama, natapa choyeracho, nachiponya m'kamwa. Nkhope inakwinyika. Anathamangira pamwala wina, natapanso. Anayesa pa udzu. Anayesa kunyambita thanthwe lenilenilo. Kenako anakhala pansi atagwira tsaya.

Nankhoma anatuluka. "Dzino, a Nduna?"

"Ayi."

"Ndaona ngati mwagwira tsaya."

"Chinthu ichi..." anatero Nyani. "Chinthu ichi sichili bwino."

"Chatani? Mwalawa?"

"Sindinalawe."

"Ndiye mwadziwa bwanji?"

Nyani anamuyang'ana, ndipo Nankhoma anayang'ana zala za kumapazi kwake. Pomwepo dzuwa linatuluka. Choyera chija chinayamba kuchoka pamiyala iwo akuona, popanda lilime lililonse, n'kusiya kunyowa kokha. Nyani anapisa dzanja kumsana kufuna mfundo, koma sanaipeze.

"Masula ichi. Tidzatenga mawa."

"Mayi akudikira lero. Ndipo onani uko."

Kum'mwera mtambo unali ukukwera phiri chokwawa. Asanathe kutsika miyala yoyamba unawapeza, ndipo Nyani sankaonanso ngakhale mapazi ake. Mvula yowaza inamulowa m'makutu. Pamimba pake, pamene thupi linkafunditsa chipanda, panayamba kumveka khuvukhuvu.

Nyani anaima. Nankhoma anamva mapazi akupatukira kumanzere, ndipo anadziwa kuti mkuluyo akufuna kuthawira kuseri kwa phiri.

"A Nduna, musanapite uko, mverani." Anatola mwala, nauponya kumanzereko. Onse awiri anatchera khutu. Anadikira, nadikira. Mwalawo sunamveke kugwa. "Kumanja n'chimodzimodzi. Ndiponyenso?"

"Usaponye."

"Njira ndi imodzi, ndipo ine ndimaidziwa ndi mapazi. Ndiziimba, inu muzitsata mawu. Muzivomera, kuti ndidziwe kuti mukadalipo."

Anayamba nyimbo ija yopempha mtambo, natchula mwala umene afika. Kenako m'nkhungu munatuluka mawu awiri aja, okhuthala, mano akugundana. Anatsika choncho, mbira akutsogolera, nduna ikuvomera, ndipo Nankhoma akangochedwa kuyamba ndime ina, Nyani ankavomera yekha asanafunsidwe.

Pamikungudza Nyani anati, "Mlongo wanga, taimani tikambirane."

Nankhoma anamva kuti wasanduka mlongo, ndiponso kuti wasanduka inu. Sanaime.

"Ndimenyetse chipandachi pamtengo, tinene kuti ndinagwa."

"Mukatero ulendo wachitatu walephereka, mwamuna wanga n'kudyedwa. Mukachiswa, ine nyimbo yatha, ndipo chiperoni chimakhala masiku atatu."

Pansungwi anayesanso. "Mwamuna wanuyo ndikammasula ine mwakachetechete. Muthawe naye. Palibe adzakutsateni."

"Tithawire kuti? Kwathu ndi kuno, ndipo mawa mudzatuma ena kudzafuna mchere. Munamumanga pagulu, a Nduna. Akamasulidwa pagulu."

"Mulibe chisoni?"

"Ndili nacho. Pondani kumanja, apo pali dzenje."

Nkhungu inathera pamisuku ngati wina waidula ndi mpeni. Pomwepo panali Mfumukazi, gulu lonse, ndi Nyalugwe atagwira luzi la Dzimbiri. Kobwerera kunalibe. Nyalugwe anadula mfundo ya kumsana kwa Nyani ndi chikhadabo, ndipo Njovu anatenga chipanda ndi chitamba chake, nachitembenuza.

"Chala ichi paphula n'cha yani?"

"Changa, Mayi."

"Anadzaza ndani?"

"Ine."

"Ananyamula?"

Njovu anazula chitsononkho, napendeketsa chipanda. Madzi anatsikira pansi, fumbi n'kuwamwa.

Nyalugwe anaimirira, nadziwongola msana. "Aliyense," anatero, "ngakhale wamkulu."

"Si mchere, Mayi." Mawu a Nyani ankapondana potuluka. "Sunakhalepo mchere. Ndi madzi ouma, alibe kukoma kulikonse, amangopweteka mano."

"Wadziwa bwanji kuti amapweteka mano?"

Nyani anayang'ana gulu, nayang'ana phiri, nayang'ana pansi. "Ndinalawa."

"Lamulo loyamba lamupereka kwa ine, lachiwiri lamuperekanso," anatero Nyalugwe. "Ndingomudya kamodzi, Mayi. Sindine wadyera."

Nankhoma anagwada, naomba m'manja. "Wawa, Mayi, ndiyankhulepo. Ngati choyera chija ndi mchere, a Nduna alawa mchere wanu, ndipo afika ndi madzi. Pamenepo ine ndilibe mawu. Koma ngati ndi mame, monga ndinanenera tsiku loyamba, ndiye kuti palibe walawa mchere wa Mayi, palibe waudya panjira, ndipo ife a kumtunda sitinabise kanthu. A Nduna apita okha, aona ndi maso awo. Anene iwo."

"Ndi mame," anatero Nyani.

"Kweza mawu, a kumbuyo amve," anatero Njovu. "Tsiku lija unakweza."

Nyani anatembenukira kugulu, kabulangete konyowa kakadali paphewa. "Ndi mame. Kumtunda kumazizira kuposa kuno, ndipo ukamakwera kumazizirirabe. Ndawaona akusungunuka popanda wonyambita. Mbira ndinawanamizira."

"Nanga za moto zija?" wina anafunsa kumbuyo.

"Kwera ukafunse wekha," anatero Nyani.

Anthu anaseka, koma Njovu sanaseke nawo. Anayang'ana kumene nsonga inabisika mumtambo, ndipo anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kulibe mchere," anatero.

"Kulibe, Mayi," anayankha Nankhoma.

"M'mawa uliwonse ndimadzuka n'kuyang'ana uko." Anapumira m'mwamba. "Mmasuleni."

Nyalugwe anadula luzi la Dzimbiri akung'ung'udza kuti masiku onsewa wakhala akulondera ndiwo za eni, nachoka osatsanzika. Ndodo ya unduna Njovu sanaibweze kwa Nyani. Kenako anaweramira Dzimbiri.

"Iwe, nthabwala yako yatidyera masiku asanu ndi atatu. Ndikulange bwanji?"

"Ameneyo ndisiyireni, Mayi," anatero Nankhoma. "Njira yokwera ndi yaitali."

Dzimbiri anayang'ana kumene kunalowera Nyalugwe, ngati munthu woganizanso bwino.

Nankhoma anadikira mpaka luzi lomaliza litagwa ndipo mwamuna wake ataima pa mapazi ake. Pamenepo ndiye anaombanso m'manja. "Mayi, ukakhala pansonga kumwamba kuli koyera, maso amafika kutali. Kuvuma, kuseri kwa mapiri awiri aang'ono, kumaoneka dambo loyera. Limenelo dzuwa likafika pamutu limakhalabe loyera. Sindikunena kuti ndi mchere. M'nyumba mwathu wonena zinthu asanazione bwino alimo kale mmodzi, ndipo akukwana."

"Ndi ulendo wa masiku angati?"

"Kwa miyendo yanu, mwina anayi."

Atachoka pagulu, Dzimbiri anamukoka nsalu. "Bwanji sunanene zimenezo tsiku loyamba?"

"Akanakusungani pamkuyu mpaka atabwerako. Nanga akanakapeza mchenga? Yendani, bambo. Ndili nanu mawu ambiri."

Tsiku limenelo sanakwere, chifukwa chiperoni chinali chitatseka njira ndipo miyendo ya Dzimbiri inali youma. Anagona pansi pa mwala m'mphepete mwa nsungwi.

M'mawa mwake mvula yowaza inali ikadalipo. Nankhoma anatenthetsa madzi, nathowa mwamuna wake m'mikono mmene luzi linadya. Kumunsi, kunja kwa nkhungu, kunamveka mapazi ambiri akulowera kuvuma, Njovu ali pakati, Nyani ali patsogolo atasenza zipanda za madzi a panjira. Dzimbiri anapita kukatola nkhuni, nabwera nazo zonyowa, napitanso kukafuna zina osauzidwa. Nankhoma anatsamira mwala, natambasula mapazi ake otupa, ndipo nkhuni zachiwiri zisanafike anali atagona tulo.

Ine ndatsikira pano. Wofuna zambiri akwere yekha, koma atenge chofunda.